Chitsa chomwe chinatsalira m'kamwa mwa amayi

Ndimangofuna singano

Tsikulo ine ndimangofuna singano basi. Batani la bulauzi linathothoka ndili pa kabaza kuchokera pa Limbuli, nde nditangofika kumudzi ndinalunjika kuchipinda kwa amayi, poti kachitini kawo ka ulusi ndi masingano ndimadziwa pomwe kamakhala kuyambira ndili mwana. Kutsegula chonchi ndikupeza kampango koyera atakamanga mfundo ziwiri. Mumtima ndimati ndi ndalama za chopereka. Kumasula, mano. A m'mwamba ndi a m'munsi, onse 28 ali ndondondo, ouma gwa, kuonetseratu kuti papita masiku asanalowe m'kamwa.

Ndinayamba ndakhala kaye pabedi. Mano oyikirira amenewa tinachita kusonkherana ana atatu, achimwene a ku Johannesburg anatumiza gawo lalikulu, ine ndinakongola ku banki m'khonde, ndipo tsiku lomwe amayi anawavala koyamba tinajambula zithunzi n'kuponya pa gulupu ya banja pa WhatsApp, aliyense kumati amayi abwerera kuutsikana.

Ndinatuluka nawo panja. Amayi anali pamkeka akusankha nandolo m'lichero.

"Amayi, mano anuwa akutani mu chitini?"

Sanadzutse mutu. "Abwezere momwemo mwana wanga, ndimavala Lamulungu."

"Nanga masiku enawa mukudya bwanji?"

"Phala lilipo, mbatata ndimakanya. Manowo ndi abwino, kungoti ndikati nditafune, kumanzere kuno kumakhala ngati ndaluma msomali."

Pomwepo ndinakumbukira chinkhoswe cha msuweni wanga ku Chonde mwezi wapitawo. Amayi anavala mano awo bwinobwino, kumwetulira pa zithunzi, koma mbale ya mpunga ndi nkhuku anapatsa mdzukulu n'kunena kuti akhuta thobwa. Ine ndinali pambali pawo ndipo sindinaganizepo kanthu. Miyezi itatu munthu akumva kuwawa osanenanso, kuopa kuti ana tingakhumudwe poti ndalama zinapita kale.

Mano anatha limodzi limodzi

Amayi anathyola tiyi ku esiteti zaka zambiri, dengu kumsana, kaya kuli chiperoni kaya dzuwa. Dzino likayamba kuwawa munthu sujomba tsiku loyamba, umamwa panado, umachukucha madzi a mchere, ukamafika kuchipatala tsaya latupa kale ndipo chotsala n'kuzula basi. Zomata dzino amayi sanazionepo. Nde mano anapita limodzi limodzi pa zaka pafupifupi 30, lina ku kiliniki ya kuntchito, ena ku boma, ena kwa madokotala aja amabwera m'mudzi tsiku limodzi n'kumapita, ena anangogwedera okha mpaka kugwa. Palibe munthu olo mmodzi amene anatsatira m'kamwa mwawo kuyambira dzino loyamba mpaka lomaliza. Timabuku ta kuchipatala takale, momwe mwina munalembedwa zina, tinanyowa n'kumatana nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 madzi atalowa m'nyumba.

Otsala asanu ndi limodzi anazulidwa chaka chomwecho, onse anali akugwedera. Titadikira kuti nkhama zipole tinapita nawo kwa munthu wina amene amapanga mano oyikirira, malowo sinditchula. Tinayenda maulendo anayi, kudinda nkhama ndi phala lozizira lija, kuyeza mmene nsagwada zikukumanirana, kuyesa mano a phula, kenako enieniwo. Ntchito ya manja inali yooneka bwino, izi sindingakane. Koma maulendo onse anayi ine ndinali momwemo, ndipo sindinaone munthu akulowetsa chala m'kamwa mwa amayi kupapasa nkhama, kapena kuwafunsa kuti mano anuwa anachoka bwanji. Anangoti yasamulani, kusuzumira, n'kuti nkhama zapola bwino.

Amayi atadandaula sabata yoyamba tinabwerera, anapala pang'ono mkati mwa mano a m'munsi. Tinabwereranso, anapalanso, n'kuti azolowera. Ndipo n'zoona kuti mano oyikirira atsopano amatupitsa ndi kusupula nkhama masiku oyamba, nde ife tinakhulupirira. Amayi ataona kuti tayenda kawiri anangosiya kunena.

Chala

Nditapeza mano mu chitini muja, Lachiwiri lotsatira ndinapempha kuntchito n'kupita nawo ku chipatala china. Tinakhala pa benchi kuyambira 7 koloko, tinalowa cha m'ma 11. Amene tinamupeza anali mayi wachitsikana ndithu, mwina wochepa kwa ine, mwa aja amaphunzira za mano ku Malawi College of Health Sciences amene ndi omwe agwira ntchito yambiri ya mano m'maboma muno. Ine ndinayamba kulongosola ndi mtima wapachala, manowo ndili nawo m'manja, kuti tawaonani anawapanga molakwika. Iye anawalandira, kuwatembenuza kamodzi, n'kuwaika pa thireyi.

"Manowa tiwaona kenako achemwali. Agogo, takhalani apa, ndione kaye pomwe amakhalapo."

Anavala magolovesi, kupukuta nkhama ndi kathonje mpaka ziume, kusendeza nyali. Kenako anaika chala cha mkombaphala pa nkhama za m'munsi kuyambira kumanja kwenikweni, n'kumayenda pang'onopang'ono akudinikiza, ngati mmene amayi eniakewo amapapasira peyala pamsika kuti amve pomwe pafewa. Maso ake sanali m'kamwa, anali pankhope pa amayi. Kumanja chapakati amayi anaphethira, iye anaima pang'ono, n'kupitiriza. Kutsogolo zii. Atafika kumanzere chakumbuyo mwendo wa amayi unadumpha wokha, dzanja linagwira chitsulo cha mpando. Mawu sanatulutse.

Anadinikizanso pomwepo mofatsa, n'kundikodola kuti ndibwere ndione. Pa nkhama panali kadontho kofiira kochepa ngati mutu wa singano, ndipo atakanikiza panatuluka kamafinya koyera. Ine mayi anga ndakhala ndikuwayang'ana kumaso moyo wanga wonse koma m'kamwa mwawo ndinali ndisanasuzumiremo chonchi.

"Agogo, dzino lomwe linali apa mukulikumbukira? Linachoka bwanji?"

Amayi anakhala chete kaye, kenako anayamba kufotokoza ngati zachitika dzulo. Chinali chaka chomwe ine ndinali Sitandade 8. Dzino lalikulu lotafunira, lobooka mpaka mkati. Wozulayo atakoka linangoti thyo, mutu wa dzino n'kutsalira ku chitsulo. Anakumba, anakumba, jakisoni wa dzanzi mpaka kutha mphamvu, kunja kukuda, panja pali anthu ena pamzere. Anatulutsa kachidutswa kamodzi n'kuwauza kuti zipitani, chotsalacho chituluka chokha. Chinawawa sabata ziwiri, kenako panatsekeka, basi iwo n'kuiwala.

Ine ndinamva kutentha kumaso. "Amayi, nanga bwanji simunanene kuja timakapangitsa mano?"

Anandiyang'ana. "Anandifunsa ndani?"

Mawu amenewa mpaka lero sandichoka. Sanayankhe mokwiya, anangonena mmene zinalili. Amayi ndi a m'badwo uja woti kwa adokotala sulankhula usanafunsidwe, ndipo ine mwana wawo wopita kusukulu, amene ndinawaperekeza maulendo onse, nanenso sindinafunse.

Adokotala aja anafunsanso za kumanja kuja anaphethira. Amayi anati akavala mano nthawi yaitali mlomo wa m'munsi mbali imeneyo umachita dzanzi, nthawi zina kumathwanima ngati magetsi. Iye anavula magolovesi n'kulemba m'kabuku.

"Tsopano ndili ndi zifukwa ziwiri zojambulira X-ray. Pakanakhala pamodzi pokhapa kafilimu kakang'ono kakanakwana, koma poti mbali zonse zikulankhula, ndikufuna chithunzi cha nsagwada yonse."

Chomwe chinaoneka pa kompyuta

Kuti tikapeze makina ojambula nsagwada yonse anatitumiza ku Blantyre. Apa n'kuti kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nde thiransipoti ya anthu awiri pa msewu wa Midima kupita ndi kubwera, kuphatikiza kujambulako, inali ndalama yoti unayenera kuiganizira kawiri.

Kujambula kwake sikuchedwa. Amakuvula ndolo, mkanda, mano oyikirirawo, chilichonse chachitsulo kumutu. Umaima, chibwano pa kathabwa, makina n'kuzungulira mutu masekondi ochepa, basi. Amayi anatuluka akufunsa ngati ayamba kale.

Pa kompyuta nsagwada inaoneka ngati munthu akumwetulira opanda dzino olo limodzi. Kumanzere chakumbuyo, pamwamba penipeni pa fupa, panali kanthu koyera kotalika ngati njere ya mpunga, kozunguliridwa ndi mthunzi wakuda. Mano akuluakulu a m'munsi amakhala ndi mizu iwiri. Wozula uja anatulutsa umodzi, winawo ndi umenewu, ndipo mthunziwo ndi pomwe fupa ladyeka ndi mafinya.

Chomwe chinandizunguza n'chakuti bwanji zaka zonsezi osawawa, n'kudzayamba pano. Titabwerera ndi chithunzi adokotala aja anandifotokozera ndi chitsanzo choti aliyense wolima m'mbali mwa phiri akuchidziwa. Mukadula mtengo chitsa n'kukwiririka, mutha kulima pamwamba pake zaka osachiona, koma dothi likamakokoloka chaka ndi chaka tsiku lina khasu limagunda. Fupa la nsagwada lilipo kuti ligwire mano, nde mano akachoka limayamba kuphwa, mwamsanga miyezi yoyambirira kenako pang'onopang'ono moyo wonse, ndipo la m'munsi limaphwa kwambiri kuposa la m'mwamba. Muzu womwe unali pansi unadzapezeka uli pamwamba, pongophimbidwa ndi kanyama kopyapyala. Ife n'kudzaikapo pulasitiki yolimba kuti munthu azitafunira pomwepo.

Dzanzi la kumanja nalo linaoneka chifukwa chake. M'nsagwada ya m'munsi mumadutsa mtsempha womwe umatulukira pa kabowo chakutsogolo mbali zonse ziwiri, ndi umene umapangitsa kuti mlomo wa m'munsi ndi chibwano zizimva kukhudza. Munthu wa mano ake kabowoka kamakhala m'mbali chapansi. Kwa amayi fupa linaphwa mpaka kabowo kanafika pafupi ndi pamwamba, nde mano oyikirira amakhala akuponda mtsemphawo.

Muzu anauchotsa mphindi zosakwana khumi, anaika pa kathonje kuwaonetsa amayi, kakuda kumapeto. Tinadikira pafupifupi miyezi iwiri kuti papole, kenako mano a m'munsi anawawonjezera mkati kuti agwirenso bwino nkhama, n'kusiya kampata pamalo a mtsempha paja. Mano omwewo, sitinagule ena. Tsiku lomwe ndinawapeza amayi akutonola chimanga chootcha ndi chala n'kumatafuna mbali zonse ziwiri ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira.

Ndinayamba kulalikira X-ray

Kuchokera pamenepo ine ndinali ndi uthenga umodzi. Pa gulupu ya banja, kuntchito, ku banki m'khonde, aliyense wonena za mano oyikirira ndimamuuza kuti osalola kudindidwa nkhama asanakujambule, amene akukana kujambula ndi wakuba. Ndimanena ndi mtima wonse chifukwa ndinaona ndi maso.

Nde azakhali anga a ku Thyolo, cha ku Bvumbwe, ataona kuti amayi akudya nawonso anafuna. Iwo mano awo anatha ndi matenda a nkhama, ambiri anachita kugwedera n'kuzulidwa mosavuta. Ndinawatengera kwa adokotala omwe aja. Anachita chimodzimodzi, kupukuta, kupapasa ndi chala m'munsi ndi m'mwamba, kuyang'ana pansi pa lilime ndi m'masaya, kufunsa dzino lililonse lomwe akulikumbukira, kufunsa za shuga ndi BP. Azakhali zii, palibe powawa, palibe potupa, palibe dzino lomwe linathyokapo. Adokotala anati tikhoza kuyamba kudinda sabata ya mawa.

"Osajambula?"

"Sindikuona choti ndikafufuze achemwali. Agogo aja chala chinandiuza kuti pali kanthu, chithunzi chinangondionetsa kuti n'chiyani ndipo chili pati. Awa ndikawatumiza ndikhala ndikufuna chiyani?"

Ine sindinamve. Ndinaumirira, ndinati ndalama ndilipira ndine, sindikufuna zibwerezenso. Anandiyang'ana n'kulemba kalata.

Chithunzi cha azakhali chinabwera ndi kanthu. Kachidutswa ka muzu kakang'ono ngati njere ya mapira, m'munsi kumanja, pansi kwambiri mkati mwa fupa, fupa litakakuta mbali zonse, popanda mthunzi uliwonse. Ine ndinati mwaona. Adokotala anakayang'anitsitsa n'kunena kuti kameneka tikasiya. Anati kuti akafike pomwe kali ayenera kung'amba nkhama ndi kuboola fupa, fupa lomwelo lomwe mano oyikirira akufunika kukhalapo, pafupi ndi mtsempha uja, kwa munthu wamkulu amene sakumva kuwawa kulikonse. Kuchotsako kukanawononga zambiri kuposa kachidutswako. Mano anawapanga ndendende mmene akanawapangira popanda chithunzi.

Koma azakhali sanabwerere kwawo mmene anabwerera. Munthu amene analibe dandaulo anayamba kugona akuganiza kuti ali ndi chinthu m'fupa. Amandiimbira usiku, "mwana wa achimwene, kodi chija sichisanduka khansa?" Mutu ukawawa amati ndi chomwecho. Anafika pofuna kupita kwina kuti akangochotsa. Nkhawa imeneyi ndinawabweretsera ndine, pamodzi ndi ulendo wa ku Blantyre womwe unawadyera tsiku lathunthu la pamsika.

Nditakhala pansi kuwerenga

Zinandivuta kuvomereza, nde ndinayamba kufufuza pa foni usiku. Ndinapeza kuti nkhaniyi madokotala a mano akhala akukangana kwa zaka. X-ray anaitulukira Wilhelm Röntgen mu 1895, ndipo pasanathe nthawi dokotala wa mano wa ku Germany, Otto Walkhoff, anajambula mano ake omwe, atakhala mphindi 25 akudikira chithunzi. Kuyambira pamenepo chida chimenechi chakhala chothandiza kwambiri moti kwa nthawi yaitali ambiri amaphunzitsidwa kuti munthu wopanda mano ajambulidwe kaye asanapangidwe oyikirira, aliyense.

Chomwe chinasintha maganizo ndi chomwe ndinaona kwa azakhali. Ukajambula anthu ambiri opanda mano amene sakudandaula kanthu, umapezadi zinthu mwa ambiri ndithu, tizidutswa ta mizu, dzino lomwe silinamere lili chigonere m'fupa, timadontho toyera. Koma ukafunsa kuti mwa amenewa ndi angati omwe chithunzi chinasintha chithandizo, amakhala ochepa kwambiri, ndipo ambiri mwa ochepawo amakhala kuti chizindikiro chinalipo kale kwa munthu wopapasa bwino. N'chifukwa chake malangizo a 2004 a European Commission, bungwe la mgwirizano wa mayiko a ku Europe, amati munthu wopanda mano yemwe alibe chizindikiro chilichonse palibe chifukwa chomujambulira, ndipo a ku America, a 2012 a American Dental Association ndi FDA, bungwe la boma loona za mankhwala ndi zakudya, nawonso amati kujambula kutengere zomwe dokotala wapeza pomuyeza munthuyo. Zimasiyana ngati akufuna kuika zitsulo m'fupa zogwira mano, pamenepo kujambula n'kosathawika chifukwa ayenera kudziwa kukula kwa fupa ndi pomwe mtsempha wadutsa.

Za cheza cha makinawo, zomwe anthu kwathu kuno amaopa kuti zimachepetsa moyo, ndinapeza kuti n'zochepa. Munthu aliyense amalandira cheza chachilengedwe chochokera m'nthaka, m'miyala ndi kumwamba, pafupifupi 2.4 millisievert (muyeso wa cheza) pachaka tikatengera dziko lonse lapansi, ndipo chithunzi chimodzi cha nsagwada chimafanana ndi cha masiku ochepa chabe. Nde wodwala amene akufunika kujambulidwa asaope. Kungoti olo chichepe bwanji, sapatsa munthu popanda chifukwa.

China chomwe sindimadziwa, X-ray imaona fupa ndi zolimba. Chilonda cha pa lilime kapena m'tsaya, zoyera zija zimamera pansi pa mano oyikirira munthu akamagona nawo, kapena khansa ya m'kamwa ikamayamba kumene, zonsezi chithunzi chikhoza kutuluka choyera bwinobwino zilipo. Zimafuna maso ndi chala. Azimayi akuluakulu ambiri kwathu amaika fodya wopera kuseri kwa mlomo, ndipo chilonda cha m'kamwa chikatha sabata zitatu osapola n'chofunika kuchionetsa msanga, kaya munajambulidwa kaya ayi.

Koma kuno si ku Europe

Apa ndi pomwe ine ndimasiyana pang'ono ndi zomwe ndinawerengazo. Malangizo amenewa analembedwa ndi anthu omwe wodwala akalowa amatsegula fayilo n'kuona kuti dzino ili linazulidwa chaka chakuti, linathyoka kapena ayi, mwina ndi chithunzi chakale chilipo. Amayi anga fayilo yawo inali m'mutu mwawo basi. Ndipo mano ambiri a makolo athu anazulidwa atawola kale mpaka kufumbutuka, pamalo opanda X-ray, wozula ali yekha ndi mzere wa anthu panja. Sindikumuda munthu uja anasiya muzu, ndikudziwa mmene zinthu zinalili. Dziko lino linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano a digiri mu 2019, ku College of Medicine yomwe pano inalowa mu Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Mano a amayi anayamba kuzulidwa kalekale zonsezi kulibe.

Nde ine mmene ndikuonera, kuno zifukwa zojambulira zizipezeka kawirikawiri kuposa kumeneko, ndipo dokotala asamachedwe kutumiza munthu akangokayika. Dzino linathyokapo pozula, jambulani. Pali pamalo powawa ukadinikiza, potupa, potuluka mafinya, pomwe sipakupola, jambulani. Mlomo ukuchita dzanzi, nsagwada inathyokapo pangozi, mbali imodzi ikuoneka yokula kuposa inzake, jambulani. Mano oyikirira apalidwa kawiri koma malo omwewo akuwawabe, musapalenso kachitatu. Olo nkhalamba yoti sikukumbukira chilichonse ndipo palibe wachibale woti afotokoze, ine ndingamvetse dokotala atati tiyeni tione.

Koma kunena kuti aliyense, ngati chiphaso cholowera, pamenepo ndinasiya. Kwa munthu wa ku Muloza kapena ku Thekerani ulendo wa ku Blantyre ndi ndalama yoti ikhoza kumulepheretsa manowo kumene, n'kukhala zaka zina akudya phala chifukwa cha chithunzi chomwe sichikanasintha kanthu. Ndipo chomwe ndimaopa kwambiri n'chakuti chithunzi chikhoza kusanduka chobisalirapo, munthu n'kumati tajambula zonse zili bwino, chala osalowetsa m'kamwa, funso osafunsa. Kuja tinakapangitsa mano koyamba chomwe chinasowa poyambirira sanali makina. Mphindi zitatu zopapasa ndi funso limodzi zikanatitumiza kokajambula tisanawononge miyezi itatu.

Pano wina akandifunsa ndimamuuza kuti musanapite khalani pansi ndi mayi anu kapena bambo anu, muwafunse dzino ndi dzino, makamaka akuluakulu akumbuyo, kuti linatuluka lathunthu kapena linathyoka, anakuonetsani, panatupa nthawi yaitali bwanji. Mulembe pa pepala. Mukafika, nenani olo asanakufunseni, chifukwa iwo eniake sanena. Ndipo muone ngati wopanga manoyo wavala golovesi n'kupapasa nkhama zonse. Akangosuzumira n'kuyamba kukandira phala lodindira, mufunseni mwaulemu kuti adokotala, simupapasa kaye?

Azakhali

Zinanditengera nthawi kuti ndiwakhazike mtima pansi azakhali. Ndinapita ku Bvumbwe Loweruka lina, tinakhala pakhonde chithunzi chili pa foni, ndikuwaonetsa kusiyana kwa chawo ndi cha amayi, uku mthunzi wakuda uku fupa loyera lokhalokha, uku pamwamba uku pansi. Ndinawapepesa kuti ndine ndinaumirira. Iwo anati "unkafuna zabwino mwana wa achimwene," koma ndinaona lilime likupita kumanja kukafufuza pamalopo tili chilankhulire.

Mano awo akuwakwana, akudya nyama, usiku amavula n'kuika m'kapu ya madzi mmene anawauzira. Kuimba usiku kuja kunachepa koma sikunatheretu. Adokotala anati poti fupa limapitiriza kuphwa, kachidutswako tsiku lina kakhoza kuyandikira pamwamba ngati mmene zinachitikira kwa amayi, mwinanso osayandikira mpaka kalekale, nde azibwera kamodzi pachaka adzapapase. Mwezi wa mawa ndi nthawi yake, ndawauza kuti ndidzawatenga ndine pa Bvumbwe m'mawa, thiransipoti ndi yanga. Akakapeza pali zii tizikabwerera osajambula.